Maluwa a pa chitenje amachokera kuti?

Lamulungu likudzali, Misa ikatha, tidzaime pang'ono pabwalo la tchalitchi ndi kuyang'anitsitsa zitenje ndi maduku amene amayi athu avala. Tidzaona mbalame, masamba, nsomba, mizere yokhotakhota ndi mawanga amitundumitundu. Zonsezi timangoti "maluwa", ngakhale pamene palibe duwa ndi limodzi lomwe. Funso lathu sabata ino ndi ili: amene adajambula maluwa amenewa adawaona kuti, nanga n'chifukwa chiyani ambiri mwa iwo si a pakati pathu?

Tiyambe ndi dzina lomwe timalitchula pamsika osaliganizira. Tikati "chitenje cha java", tikutchula chilumba cha Java, ku Indonesia. Kumeneko amisiri akhala akujambula nsalu ndi phula losungunula kwa zaka mazana ambiri. Pamene padontha phula, utoto sulowa, ndipo akalichotsa maluwa amatsala. Luso limeneli amalitcha batik. Adatchi, amene ankalamulira chilumbacho, adafuna kupanga nsalu zotere ndi makina kuti zitsike mtengo, ndipo imodzi mwa mafakitale awo ndi imene lero imatchedwa Vlisco, yomwe idayamba mu 1846 m'tauni ya Helmond. Koma phula la makina linkachita ming'alu, utoto n'kumalowa m'ming'alumo. Anthu a ku Java adati nsaluzo n'zachilema. Amayi a ku Ghana ndi maiko oyandikana nawo, kumene nsaluzi zidafika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, adati ming'aluyo ndiye kukongola kwake. Kuyambira pamenepo ojambula a ku Ulaya adayamba kutchera khutu ku zomwe amayi ogulitsa nsalu ku Accra ndi ku Lomé ankafuna, ndipo maina a nsaluzo ankatuluka m'misika momwemo.

Ena adapeza maluwa pa zovala za mitundu ina. Nsalu ija yokongoletsedwa kuzungulira khosi ndi pachifuwa, imene atelala amasokera malaya a dashiki, adaijambula Toon van de Manakker m'zaka za m'ma 1960, atayang'anitsitsa chovala chakale cha mayi wolemekezeka wa ku Ethiopia. Kachizindikiro kaja kooneka ngati bango laling'ono lopindika kunsonga, kamene kali pa mipango yambiri, kadachokera ku Persia ndi ku Kashmir. Oluka nsalu a m'tauni ya Paisley ku Scotland adakatengera m'zaka za m'ma 1800, mpaka kadatenga dzina la tauni yawoyo. Nayonso kanga ya anzathu a ku Tanzania ndi Kenya akuti idapatsidwa dzinali chifukwa mawanga ake oyamba ankafanana ndi nthenga za nkhanga, mbalame yomwe timaiona tsiku ndi tsiku m'makhola mwathu.

Tikasonkhanitsa nkhanizi tikuona kuti palibe wojambula amene adatola maluwa m'mutu mopanda kanthu. Wina adayang'ana mbalame, wina chovala cha mlendo, wina adamvera zokamba za amayi pamsika. Choncho kubwereka si mlandu. Makolo athu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Koma wobwereka weniweni amaphunzira chinthucho, amachisandutsa, ndipo amakhala ndi chake choti ena adzabwerekeko. Wongokopera alibe choti n'kubweza.

Apa ndi pamene tiyenera kudzifunsa moona mtima. Thonje timalima ku Chikwawa, ku Balaka ndi ku Salima. Fakitale ya nsalu tili nayo ku Blantyre, ija idayamba mu 1967 ndi dzina la David Whitehead and Sons n'kugulitsidwa mu 2003. Komabe gulu lathu likafuna nsalu ya chikondwerero, kawirikawiri timachita zimodzimodzi: chithunzi pakati pa bwalo lozungulira, mawu pamwamba ndi pansi, m'mphepetemo maluwa omwe wina wawakopera pa foni usiku umodzi. Ndalama timasonkha movutikira, koma nsaluyo ikatuluka sinena kanthu za kwathu.

Chikhalirecho zoyang'ana sizikusowa. Tembenuzani lichero muone mmene nsungwi zimapitirirana, imodzi pamwamba, ina pansi. Onani malukidwe a mkeka, mizere imene agogo amalemba pakhosi pa mbiya isanaotchedwe, mikanda ya Angoni, mamba a chambo, mitundu ya tinsomba ta mbuna m'miyala ya m'nyanja yathu. Ku Chongoni, m'boma la Dedza, kuli malo 127 a zojambula za pamiyala, omwe bungwe la UNESCO lidawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Ku Mua, Bambo Claude Boucher adakhazikitsa malo a zaluso a KuNgoni mu 1976, ndipo amisiri a kumeneko adasonyeza kuti luso la Achewa, Angoni ndi Ayao lingathe kukongoletsa ngakhale nyumba ya Mulungu.

Pamenepa pafunika ulemu. Zina mwa zojambula zoyera za ku Chongoni n'zokhudza chinamwali ndi Nyau, ndipo eni mwambo ali ndi ufulu wonena kuti ichi sichivalidwa m'chiuno. Tisanatenge, tifunse. Tikumbukirenso kumene chitenje chimapita: chimabereka mwana, chimayalidwa pansi pamaliro, chimapindidwa kukhala nkhata, chimamangidwa ndalama pangodya. Wojambula wanzeru amaganiziratu zimenezi asanaike nkhope ya Woyera kapena chizindikiro chopatulika pamalo pomwe munthu adzakhalira.

Wina anganene kuti ogula amafuna zakunja, ndipo nsalu zochokera kutali n'zotsika mtengo. N'zoona, ndipo sitingapikisane nazo ndi kulakalaka chabe. Koma pali nsalu zomwe timalamula tokha, za kwaya, za amayi, za achinyamata, za maukwati. Pa nsalu zimenezi wosankha maluwa ndife. Bwanji osapatsa ntchitoyo mnyamata kapena mtsikana wa m'mphakati mwathu amene amatha kujambula, n'kumulipira monga timalipirira telala ndi kalipentala?

Ntchitoyo si yapafupi. Makina amadinda chojambula chimodzi mobwerezabwereza, choncho mzere wotulukira kumanja uyenera kukumana ndi wolowera kumanzere, wa pamwamba ndi wa pansi, kuti pa mamita 2 onse diso lisapeze polumikizira. Mitundu ikachuluka, mtengo wodindira umakweranso. Zimenezi zimaphunziridwa ndi kope, pensulo ndi kuleza mtima, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tiyeni tsono sabata ino aliyense asankhe chinthu chimodzi cha pakhomo pake, kaya nthenga ya nkhanga, kaya tsamba la chinangwa, kaya pansi pa lichero. Achijambule tsiku lililonse kwa masiku 7, kenaka achibwereze kanayi papepala limodzi, aone ngati mizere ikukumana. Pokumana pathu Lamulungu linalo tidzabwere ndi mapepalawo, tidzawayale pamkeka, amayi athu adzatiuze omwe angavale.