Kalamba ka pa kakolo ndi ulemu wa mzimai pa basi

Lolemba lapitali ndinaseluka basi ya ku Chawama ndi nsapato imodzi cabe. Inzake inatsala pa sitepe, basi itayamba kale kuyenda. Ba kondakita anaiponya pa windo: "Ba sister, katundu wanu uyu!" Inagwela pafupi ndi ngalande, anthu n'kuphulika kuseka, ine n'taima ndi mwendo umodzi monga kakowa pakati pa tauni. Ndinaseka nawo, koma mumtima ndinadziwa kuti phazi likanapindika pa sitepe paja, sembe ndinagwela pansi pa mawilo.

Aliyense wovala ma hilu adziwa vuto ili. Cidendene cikakwela m'mwamba, thupi lonse limalemela ca kutsogolo, phazi limatelelekela ku zala, ndipo kumbuyo kumatsala mpata. Apo nsapato iyamba kuvuka pa sitepe iliyonse. Kuti isagwe, zala zimaikokela mkati tsiku lonse, n'cifukwa cake pofika madzulo miyendo imacita kuwawa. Ambili a ife tigula pa salaula ku Soweto kapena ku City Market, ndipo nsapato ya pa salaula inatanuka kale ndi phazi la mwini wake woyamba. Masaizi nawo amasokoneza: ina yalembedwa 5, ina 38, wogulitsa akuti, "Ni cimodzimodzi, mummy, izakukwanani."

Tsiku lomwelo ndinapita kwa ba shumeka amene amakhala pansi pa mtengo pafupi ndi nchito kwathu. Anaitembenuza nsapato ija kawili, n'kunena kuti, "Mayo, iyi ifuna cabe lamba." Anasokela kacikopa kopinda kumbuyo kwa cidendene, n'kupisamo kalamba kozungulila kakolo, kokhala ndi kacitsulo komangila. Ola silinakwane. Ndalama zimene ndinalipila sizingagule peya ina olo pa salaula. Kuyambila tsiku lija ndikwela ndi kuseluka popanda kuganizila za mapazi.

Ngati mufuna kucita cimodzimodzi, pitani madzulo, cifukwa mapazi amatupa pang'ono tsiku likamatha, ndipo lamba woyezedwa m'mawa adzakulumani poweluka. Uzani ba shumeka asoke ndi ulusi wolimba. Guluu yekha sacedwa kumatuka mu matika a Januwale. Mukamanga, cala cimodzi cizilowa pakati pa lamba ndi khungu, ndipo kalasitiki kakang'ono pafupi ndi kacitsulo kamathandiza kuti kakolo kazipinda bwino poyenda. Lamba woonda kwambili amaceka khungu, sankhani wotambalalako. Koma nsapato ikakhala yaikulu kwambili, lamba yekha sangaithe, ikani kothina kofewa kutsogolo kuti phazi lisatelele.

Ndidziwa zimene ena adzakamba, maka-maka azibambo a pa mpando wakumbuyo: "Nanga muvutikilanji? Valani zafulati." Kukamba n'kosavuta. Mtsikana amene apita kukafunsila nchito pa Cairo Road, kapena mai wa pa kauntala amene bwana wake afuna kuti azioneka mwakuti, sanavale ma hilu kuti akondweletse basi. Ena anyamula mapatapata m'cikwama n'kusinthila pa geti, ndipo imeneyo ni nzelu. Ena angozikonda cabe nsapato zawo, ndipo palibe mlandu. Wovala ma hilu walipila ndalama yofanana ndi wovala majombo, ayenela kuseluka bwino monga wina aliyense.

Apa m'pamene kalamba kamathela mphamvu. Kamagwila nsapato kuti isavuke, koma sikangaletse kakolo kubinya ngati mwaponda m'dzenje, kapena cidendene coonda calowa pakati pa mapeva. Sikangatseke ngalande zimene zili pululu m'mbali mwa miseu yathu. Sikangaimitse basi imene yanyamuka munthu mwendo umodzi ukali mkati. Ba draiva ndi ba kondakita, tidziwa kuti muthamangila kukwanitsa ndalama ya tsiku ya eni basi, ndipo si nchito yopepuka. Koma kuyembekeza kuti mapazi onse awili afike pansi musanamenye citseko sikungakudyeleni tripu. Lelo ni nsapato yanga, mailo angakhale agogo a ndodo kapena mai wa mwana kumbuyo.

Conco azimai anzanga, tengani peya ija imene munaiponya pansi pa bedi cifukwa imavuka, mupite nayo kwa ba shumeka a pa kona. Ndipo ife tonse okwela, tikaona munthu akali pa sitepe basi iyamba kusuntha, tisakhale cete. Mau amodzi cabe, "Imani!", amamveka mpaka kwa ba draiva.