Mlandu wa Galu Ngwa Mwini Wake

M'midzi ndi m'makomboni muli mlandu umene umaweruzidwa mokhota. Galu akagwira nkhuku ya mnansi, mwini galu amangotambasula manja nati, "Nanga galu ali ndi nzeru?" Ena amafika podzudzula mwini nkhuku kuti akadazitsekera. Mayankho otere ngachipongwe, ndipo ndiwo amadanitsa anthu amene akhala akupalana moto kwa zaka zambiri.

Nkhuku ya pakhomo si yamasewera. Kwa mayi wamasiye, sopo, mchere, makope a mwana ndi ulendo wa kuchipatala zonse zimachokera m'khola. Thadzi limafungatira mazira masiku 21 lisanaswe. Kenaka mayiyo amalimbana ndi kabawi, likongwe ndi chitopa kwa miyezi ingapo kuti anapiye akule. Galu amafafaniza ntchito yonseyi m'kanthawi kochepa, ndipo akagwira make, anapiye otsala amatha ndi chisanu. Kabawi alibe mwini woti n'kukamusumira, koma galu ali naye.

Chimene chimatuma galu kukhola la eni kawirikawiri ndi njala. Anthu ambiri amafuna galu woti aziuwa usiku, koma amaiwala kuti mlonda amadya. Amamuponyera mkute tsiku limene akumbukira, masiku enawo n'kumusiya kuti akadzionere yekha kudzala. Galu wotere akalawa dzira kamodzi, njira ya kukhola saiiwalanso. Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Wofuna galu walira chakudya chake, mpanda kapena unyolo, ndiponso katemera.

Eni agalu amakonda kunena kuti nkhuku nazonso zimayendayenda. N'zoona, ndipo mwini nkhuku wanzeru amamanga khola lolimba, natsekera ziweto zake dzuwa likamalowa. Koma nkhuku ikalowa pabwalo la eni imangotola madeya, siluma mwana. Galu wosiyidwa ndiye amakumana ndi agalu anzake odwala n'kubwera ndi chiwewe pakhomo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati mwa anthu 100 ogwidwa ndi chiwewe, pafupifupi 99 amachitenga kwa agalu, ndipo zizindikiro zikayamba kuoneka, wodwalayo sachira. Kuti matendawa aleke kufala, pamafunika kubaya katemera agalu 70 mwa 100 aliwonse, ntchito imene bungwe la Mission Rabies lidayamba ku Blantyre mu 2015. Kodi munthu wosadziwa kumene galu wake waswera angapite naye kukabayitsa?

Mwini nkhuku naye asalakwe pobwezera. Kuthira tameki m'nsima n'kuitchera kuseri kwa khola ndi nkhanza yosasankha: nsimayo ingadyedwe ndi mphaka, nkhuku zomwezo, ngakhale mwana wokwawa. Galuyo akafa, mwini wake amangokatenga mwana wagalu wina n'kumulera ndi njala yomweyo.

Mlandu uwu malo ake ndi pabwalo la nyakwawa, ndipo mafumu aleke kuuthetsa ndi mawu akuti "pepanani, ndinu anansi." Kupepesa sikuikira mazira. Thadzi libwezedwe ndi thadzi, osati tambala wokalamba. Ngati lidali pamazira kapena ndi anapiye, nawonso awerengedwe pa malipiro. Galu akabwereza, mwini wake alamulidwe kumumanga kapena kumumangira mpanda, ndipo aonetse pabwalopo chiphaso cha katemera.