Pa msewu wa M5 palibe Lakitu

Achinyamata okondedwa, tisanamizane: Mario Kart DS, masewera a mpikisano wa timagalimoto amene kampani ya Nintendo idatulutsa mu 2005, ndi okoma. Anthu 8 amatha kupikisana pamodzi, aliyense ndi kachipangizo kake m'manja, ndipo wotsalira m'mbuyo amapatsidwa zida zamphamvu kuti asataye mtima. Izi tikuziyamikira.

Koma masewerawa ali ndi bodza limene tikulikana. Woyendetsa akagwera m'madzi, Lakitu, kanyama kokhala pamtambo, kamamuwedza ndi mbedza n'kumubwezera pamsewu alibe ndi chilonda chomwe. Ngozi imangomudyera masekondi ochepa.

Ife a ku Chia mbedza timaidziwa: imavuula mlamba, siibweza moyo. Pa mlatho wa Chia, pamene anthu amagulitsa nsomba m'mbali mwa msewu wa M5, mnyamata wa kabaza wothamanga ngati ali m'masewera sadzapeza womuwedza. Chomudikira ndi chipatala kapena manda, ndipo mwina adzapita ndi amene wamukweza.

Sewerani, sitikukuletsani. Koma mukagwira chiwongolero cha njinga yamoto, kumbukirani kuti moyo umene Mulungu adatipatsa sauyambiranso ngati mpikisano.