Makina a fotokope nawonso amatha ntchito, koma tsiku lake satiuza

Sabata yatha ndinapita kukasikanitsa mapepala pa kashopu ka fotokope komwe ambirife timapitako. Makina anameza mapepala n'kuwalavula, koma fayilo sinafike pa kompyuta. Mwini shopu atayesa katatu anaimbira mnyamata amene amamukonzera makina. Yankho linali lachidule: kompyuta yatsopanoyo ndi makina akalewo sizikumvana, ndiye ayatse kanthu kena mu Windows kotchedwa SMB1. Anayatsa, fayilo inafika, ine ndinalipira n'kumapita. Madzulo ndinafufuza kuti SMB1 n'chiyani, ndipo mpaka lero mtima sunakhale pansi.

SMB ndi ndondomeko imene makina amatsatira potumizirana mafayilo pa netiweki. Inayambira ku IBM cha m'ma 1983, kenako Microsoft inaitenga n'kuikulitsa. SMB2 inabwera ndi Windows Vista, SMB3 inabwera mu 2012. Yakale ija, SMB1, ndi imene pulogalamu yoipa ya WannaCry inalowerapo mu Meyi 2017, n'kutseka makompyuta m'mayiko pafupifupi 150, mpaka zipatala za ku Britain zinabweza odwala ambirimbiri. Bowo limenelo linatsekedwa, koma SMB1 ikadali yofooka: sibisa zimene ikutumiza. N'chifukwa chake kuyambira chakumapeto kwa 2017 Microsoft inayamba kuichotsa mu Windows 10. Ndiye taganizani zimene zimadutsa pa makina a m'kashopu kaja: ziphaso za unzika, masatifiketi a MSCE, makalata a kubanki.

Mlandu ndi wa ndani? Si wa mwini shopu. Iye anagula makina a kaunjika amene ndalama zake zinakwanitsa, ndipo makinawo amasindikizabe bwinobwino. Chimene chakalamba ndi kapulogalamu kobisika m'kati mwake. Kapulogalamu kotere nthawi zambiri wopanga makina salemba yekha. Pali makampani, monga Visuality Systems ya ku Israel ndi Tuxera ya ku Finland, amene amalemba mapulogalamu a SMB n'kumagulitsa chilolezo kwa opanga zipangizo. Iwowa sindikuwaloza chala pa nkhani ya fayilo yanga. SMB3 ali nayo, akugulitsa. Chimene ndikudana nacho ndi mmene malonda onsewa anawakonzera. Kasitomala wa wolemba pulogalamu ndi fakitale, osati iwe ndi ine. Fakitale ikagulitsa makina, ndalama yalowa. Kulipiranso kuti makina akale alandire pulogalamu yatsopano kwa iyo ndi kuluza kawiri, chifukwa munthu amene makina ake akonzedwa sagula ena. Choncho imangokhala chete. Makinawo akatopa nawo m'maofesi a ku Ulaya kapena ku South Africa amakwera sitima kapena thiraki, n'kudzathera kwa ife, amene pa mgwirizano uja sitinatchulidwe n'komwe.

Ena anena kuti kampani si tchalitchi, singasamale chipangizo mpaka kalekale. Ndikuvomera. Olemba mapulogalamu nawonso amadya, ndipo kukonza pulogalamu ya makina akale ndi ntchito yolemetsa. Koma ngati simungathe kusamala, nenani. Paketi ya mkaka imakhala ndi tsiku lothera ntchito, ndipo a Malawi Bureau of Standards amalanda katundu wopitirira tsiku lake. Nanga bwanji makina a ndalama zankhaninkhani alibe tsiku lotere? Ndipo mukasiya kusamala, tsegulani chitseko kuti ena asamale. Kusiya nyumba ikudontha kwinaku makiyi uli nawo m'thumba, kumeneko ndi nkhanza.

Enanso anena kuti mankhwala alipo kale: Samba, pulogalamu yaulere imene Andrew Tridgell anaiyamba ku Australia mu 1992 kuti makompyuta amene si a Windows azitha kulankhula SMB. N'zoona, ndipo mbiri yake ikundithandiza pa mfundo yanga. Kwa zaka zambiri olemba Samba ankachita kuyang'anitsitsa zodutsa pa netiweki kuti amvetse ndondomekoyi. Zinatengera European Commission kulipiritsa Microsoft chindapusa cha mayuro 497 miliyoni mu 2004, khoti n'kugwirizana nazo mu 2007, kuti zikalata zofotokoza ndondomekoyi ziperekedwe. Palibe anapereka mwa chifundo chake. Komanso Samba yatsopano ilibe phindu kwa mwini shopu uja ngati makina ake salola kuti wina aliyense asinthe za m'kati. Ufulu wa pulogalamu umathera pa chitseko chokhoma.

Ku Ulaya aona vutoli. Lamulo lawo la Cyber Resilience Act la 2024 likuti wopanga chipangizo azinena nthawi imene adzasiye kuchisamala, ndipo pa zipangizo zambiri nthawiyo isachepere zaka 5. N'chiyambi chabwino, koma makina ambiri amene amafika kuno amakhala atadya kale zaka zimenezo. Tikadikira kuti lamulo la eni ake litifikire, tidzalandira makoko okhaokha.

Anzanga, ambirife tikamaliza sukulu tidzakhala m'maofesi momwe mumagulidwa zinthu, m'makomiti a sukulu, m'mabungwe, m'boma. Wogulitsa akadzabwera ndi kabuku kake konyezimira, tisadzangofunsa kuti makinawa amatulutsa mapepala angati pa mphindi. Tidzafunse kuti amalankhula SMB iti, pulogalamu yake adzaisamala mpaka chaka chiti, ndipo akadzasiya, ndani adzaloledwe kuikonza. Yankho alilembe pa pepala. Akakana, tisagule.

Ine mawa ndikubwerera kwa mwini shopu uja kukamupempha kuti azimitse SMB1, ndipo makina azisikanira pa fulashi. N'zochedwetsa, mzere utalika, ena adandaula. Koma chiphaso changa cha unzika chinadutsapo pa makina amenewo mwezi watha, ndipo chanunso mwina chinadutsapo.