Nambala Yolembedwa M'nthiti mwa Tayala

Aliyense amene adaimako pa mphambano ya ku Tsangano m'nyengo yokumba mbatata ya kachewere, pamene magalimoto amatsika kuchokera ku Katsekera ndi ku Doviko atasenza matumba mpaka kupitirira denga, pamwamba pa matumbawo patakhalanso amayi ndi madengu awo a tomato, adzavomerezana nane kuti miyoyo ya anthu onsewo, pamodzi ndi thukuta la mlimi la chaka chathunthu, imatsamira pa zinthu zinayi zakuda zimene eni magalimoto ambiri sazikumbukira kufikira tsiku limene chimodzi chaphulika. Ndikunena matayala. Ndipo popeza misewu ya kwathu kuno ku Ntcheu, ukangopatuka pa M1, ili ya miyala m'chilimwe ndi ya matope m'dzinja, kotero kuti galimoto yokhala ndi mphamvu m'matayala onse anayi ndiyo yokha imene imafika kumene kuli odwala ndi kumene kuli zokolola, ndaona chabwino kuti tikambirane za kasankhidwe ka matayala a magalimoto otere.

Kaguledwe kathu ka tayala ndakaonerera kawirikawiri pa boma la Ntcheu, pa Kampepuza ndi pa Lizulu, ndipo sikasintha. Munthu amafika natchula kukula kwa limu, kaya 15 kaya 16. Amamiza chala chachikulu pakati pa mano a tayala kuti aone kuzama kwake. Amalimenya ndi chikhatho, nafunsa mtengo, nayamba kunenerera. Pa zonsezi palibe cholakwa, koma chinthu chachikulu chimatsala osafunsidwa, ndicho kulemera kwa katundu amene tayalalo lidapangidwira kuti lisenze. Ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti yankho lake limakhala litalembedwa kale m'nthiti mwa tayala lomwelo, m'zilembo zotukuka zoti ngakhale chala chikhoza kuzikhudza. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Tiyeni titenge matayala awiri, onse olowa pa limu ya 15, onse a mulifupi wofanana, amene munthu wongoyang'ana ndi maso angawayese ana a mimba imodzi. Loyamba lalembedwa 195/65R15 91H, lachiwiri lalembedwa 195R15C 106/104R. Nambala ya 195 ikunena mulifupi wa tayala m'mamilimita, ndipo 15 ikunena limu. Izi ambiri amazidziwa. Koma nambala imene ili chakumapeto, 91 pa loyamba ndi 106 pa lachiwiri, ndiyo nambala ya katundu, yotengedwa pa mndandanda umodzi umene opanga matayala a m'maiko onse adagwirizana kuutsata. Pa mndandandawo 91 ikuimira makilogalamu 615, pamene 106 ikuimira makilogalamu 950. Nambala inayo ya 104, imene ili makilogalamu 900, ikugwira ntchito pokhapokha matayala aikidwa awiriawiri mophatikiza monga timaonera kumbuyo kwa malole. Kusiyana kwa 91 ndi 106 ndi makilogalamu 335 pa tayala limodzi, ndiye kuti 670 pa matayala awiri akumbuyo, kumene kuli kulemera kopitirira matumba 13 a feteleza a makilogalamu 50. Munthu wovala tayala loyambalo pa pikapu yake chifukwa lidali lotsikirapo mtengo, nakweza katundu yemweyo wa masiku onse, wataya mphamvu yosenza matumba 13 osadziwa, ndipo adzazindikira ali pakati pa chitsikirero.

Mndandandawu ndi wautali, koma mwini galimoto ya kumudzi akasunga pamtima nambala zochepa chabe zimkwanira: 100 ndi makilogalamu 800, 110 ndi 1,060, 112 ndi 1,120, ndipo 120 ndi 1,400. Tayala la 205R16C lolembedwa 110/108 limasenza 1,060. La 265/65R17 lolembedwa 112, limene limabwera pa ma Hilux ndi ma Prado ambiri, limasenza 1,120. Chilembo chotsatira nambalayo chikunena liwiro limene tayala lingapirire litasenza katundu wake yense: Q ndi makilomita 160 pa ola, R ndi 170, S ndi 180, T ndi 190, H ndi 210. Pa misewu yathu liwiro lotere palibe wolifika, choncho chilembocho chisatitayitse nthawi. Chilembo choyenera kuchifunafuna ndi C chotsatira nambala ya limu, kapena LT, pakuti izi ndizo zizindikiro zakuti tayalalo adalipangira magalimoto a katundu, ndipo nthiti zake ndi zochindikala, zosang'ambika msanga pa mwala wakuthwa. Pambali pake pamalembedwanso 6PR, 8PR kapena 10PR, zimene amakaniko athu amazitcha ma pulayi. Kale, pamene matayala ankalukidwa ndi nsalu za thonje zosanjikiza, nambalayi inkawerengadi nsaluzo. Koma chiyambire kampani ya Michelin ya ku France kubweretsa tayala la mtundu wa radial m'chaka cha 1946, mawaya achitsulo ndi ulusi wolimba zidalowa m'malo mwa thonje, ndipo lero nambalayo ikungosonyeza kulimba kofanana ndi kwa nsalu zochuluka chotero.

Wina adzati: matayala ndi anayi, anayi a makilogalamu 950 ndi matani atatu ndi makilogalamu 800, nanga vuto lili pati? Vuto lili pakuti katundu sagawika mofanana. Pikapu ikadzaza, gawo lalikulu la kulemera limagwera matayala awiri akumbuyo, makamaka pamene matumba aunjikidwa mpaka pa chitseko chakumbuyo ndi anthu atakhala m'mphepete. Pokwera chitunda kulemera kumathawiranso kumbuyo, pokhota kumagwera mbali imodzi, ndipo pa msewu wa zigwembe, pamene tayala lina lalendewera m'mwamba, lotsalalo limasenza zonse lokha. N'chifukwa chake muyeso woyenera ndiwo umene wopanga galimoto adalemba pa kachitsulo kapena kapepala komatidwa pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala, pamene pali kukula kwa tayala, nambala yake ya katundu ndi mpweya wofunika galimoto ikakhala yopanda kanthu ndi ikakhala yodzaza. Tayala latsopano liyenera kufanana ndi nambala imeneyo kapena kuipitirira, koma lisatsikire pansi pake ngakhale ndi imodzi yomwe. Ndiyenera kuonjezapo, pakuti ndamvapo ena akudzitama nazo, kuti kuvala matayala a 10PR sikusandutsa pikapu ya tani imodzi kukhala lole. Masipuling'i, mabuleki ndi chitsulo chogwira matayala akumbuyo zimakhala zomwe zija, ndipo pikapu yopangidwira tani imodzi malire ake ndi matumba 20 a feteleza, kuwerengera pamodzi dalaivala ndi onse okwera.

Tsopano ndifike pa mpweya, pakuti apa mpamene pagona nkhani yonse. Chimene chimasenza katundu si mphira ayi, koma mpweya wotsekeredwa m'katimo, ndipo makilogalamu olonjezedwa ndi nambala ija amakwanira pokhapokha tayala litapopedwa kufika pa muyeso wolembedwa m'nthiti mwake. Tayala losakhuta mpweya, likasenza katundu wolemera, nthiti zake zimapindika ndi kuongoka pa kuzungulira kulikonse, monga waya amene mwana akumupindapinda kuti aduke. Kupindikako kumabala kutentha, kutenthako kumalekanitsa mphira ndi mawaya a m'kati, ndipo tsiku lina, kawirikawiri m'mwezi wa Okutobala kapena Novembala pamene phula la msewu wa M5 likutentha m'chigwa cha Bwanje, tayala limasendeka chikopa chake chonse galimoto ili pa liwiro. Zimenezi si za maiko osauka okha. M'mwezi wa Ogasiti 2000 kampani ya Firestone ku America idaitanitsa matayala okwana 6.5 miliyoni kuti abwezedwe, ambiri a iwo ali pa magalimoto a Ford Explorer, chifukwa ankasendeka motero, magalimoto nkumagubuduzika, anthu ambiri nataya miyoyo. Ndipo pa zifukwa zimene zidatchulidwa pofufuza padali kutentha kwa nyengo, kulemera kwa galimoto ndi kuchepa kwa mpweya. Ngati zidachitika pa misewu yosalala ya kumeneko, kuli bwanji pa yathu?

Madalaivala odziwa ntchito amaphwetsako matayala pang'ono akafika pa mchenga kapena pa matope, kuti tayala litambasuke ndi kugwira nthaka, ndipo nzeru imeneyi ndi yoona. Koma ili ndi mnzake wosalekana nayo, ndiye kuyenda pang'onopang'ono ndi kupopanso usanakwere pa phula. Wochita choyamba naiwala chachiwiri wadziitanira yekha tsoka limene ndalifotokozali. Mpweya uyesedwe ndi geji m'mawa matayala asanatenthe, pakuti tayala lotentha limaonetsa mpweya wochuluka kuposa umene ulimo, ndipo kuyesa kwa kumenya ndi chidendene sikuuza munthu kanthu. Geji ndi pampu ya phazi mtengo wake sufika ngakhale pa theka la tayala limodzi.

Za matayala a kaunjika ndilankhula mosamala, podziwa kuti amene amawagula sachita dala. Dziko lathu, ngakhale limalima mphira ku Vizara m'boma la Nkhata Bay, matayala a magalimoto limaitanitsa kunja, ndipo kwacha ikagwa mtengo wake umakwera kufika poti mwini pikapu ya matola sangathe kugula anayi atsopano tsiku limodzi. Komabe chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Tayala limakalamba ngakhale mano ake ali athunthu, ndipo msinkhu wake udalembedwa pa nambala zinayi zomalizira za mzere woyamba ndi zilembo za DOT: ziwiri zoyamba ndi sabata, ziwiri zotsiriza ndi chaka, kotero kuti 2319 ikutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Opanga matayala amalangiza kuti likapitirira zaka 5 liziyang'anidwa chaka ndi chaka, ndipo likakwana zaka 10 lichotsedwe, kaya laoneka lokongola chotani. Palinso ena obwera ndi magalimoto ochokera ku Japan, okhala ndi chizindikiro cha phiri la nsonga zitatu ndi kanyenyezi ka chipale m'kati mwake, ambiri a iwo a mphira wofewa wopangidwira nyengo yachisanu ya kumeneko, umene pa kutentha kwathu umatha msanga. Wogula la kaunjika aliyang'ane m'kati lisanavalidwe pa limu, aone ngati muli zigamba m'nthiti, ming'alu kapena chotupa; chigamba cha pa mano chikhoza kukhala, koma tayala lovulala m'nthiti latha ntchito. Pakati pa mano pamakhala timizere totukuka ta mamilimita 1.6, ndipo mano akaphwa kufanana nato tayala lafika kumapeto, ngakhale kuti m'matope a ku Tsangano limakhala litaleka kugwira kalekale lisanafike pamenepo.

Pa mtundu wa mano sindichulutsa mawu. Olembedwa HT ndi a pa phula, olembedwa MT ndi a m'matope ndipo pa phula amalira ndi kudya mafuta, pamene olembedwa AT ali pakati, ndipo kwa munthu woyenda theka la ulendo pa M1 ndi theka lina m'mapiri a Kirk Range, awa ndiwo ndimawaona oyenera. Chofunika koposa n'chakuti matayala onse anayi, pamodzi ndi la sipeya, akhale a kukula kumodzi, pakuti galimoto ikamakoka ndi onse anayi matayala osiyana kukula amazungulira mosiyana, ndipo kulimbana kwakeko kumakathera m'magiya. Ngati ndalama zalola awiri okha, akhale a mtundu umodzi ndi nambala imodzi, ndipo aikidwe onse kumbuyo.

Mawu otsiriza ndi a kwa iwo oyang'anira ma Land Cruiser a zipatala, a mishoni ndi a mabungwe, amene ena akadali ndi matayala a 7.50R16 okhala ndi chubu pa malimu ogawika. Malimu amenewa ali ndi ubwino wakuti dalaivala akhoza kumata chubu yekha ali pakati pa tchire, koma mkombero wake wachitsulo, ukakhala kuti sudakhazikike bwino, umafwamphuka popopa ndi mphamvu yokhoza kupha munthu. Anyamata omata matayala m'misika yathu aphunzitsidwe kuika mbali ya mkomberoyo pansi kapena kuimanga ndi unyolo, ndi kuima patali popopa. Ndipo amene amalemba mapepala ogulira matayala a ambulansi alembe nambala ya katundu ndi chaka chopangidwira pamodzi ndi kukula kwake, kuti wogulitsa asapeze mpata wobweretsa lina lililonse lolowa pa limu ya 16.