Mwala wa Sisyphus Suphunzitsa Chilungamo

Alipo ena, ngakhale pakati pa anthu ophunzira, amene amati zithunzi za Titian zoonetsa chilango cha milungu ya Agiriki n'zothandiza mzimu, popeza zimakumbutsa kuti tchimo lili ndi malipiro ake. Ine ndikukana ndithu.

Taganizani, aŵerengi, mmene zinayambira. M'chaka cha 1547 mfumu Charles V inagonjetsa akalonga a Chiprotestanti pa nkhondo ya ku Mühlberg. Chaka chotsatira mlongo wake, Mary wa ku Hungary, amene ankalamulira dziko la Netherlands, anapempha Titian kuti ajambule anthu ozunzika m'dziko la akufa, kuti azipachike m'chipinda chachikulu cha nyumba yake ku Binche. Alendo oloŵamo, ambiri a iwo nduna ndi akalonga, sanafunike wowamasulira: woukira mfumu adzaona zomwezi. Mayi wachikatolika anabwereka milungu yachikunja kuti aopseze nayo anthu obatizidwa, ndipo ife Akatolika sitiyenera kubisa zimenezi.

Nanga Sisyphus analakwanji? Nthano zimati anali wachinyengo, ndipo anapusitsa imfa. Koma zimanenanso kuti Zeus ataba mtsikana Aegina, Sisyphus ndiye anaulula kwa bambo wake wa mtsikanayo. Wakuba anakhala woweruza, mboni inasenza mwala. Titian sanamujambule akukunkhuniza mwalawo monga mwa nthano. Anausenzetsa pa mapeŵa ndi pakhosi, mutu uli woŵerama, kumbuyo kukuyaka moto. Luso lake n'losakayikitsa, ndipo n'chifukwa chake chithunzichi n'choopsa: maso amakondwa ndi minofu ya munthu wozunzika mpaka kuiŵala kufunsa amene anagamula mlandu.

Tityus, amene mbalame imam'jompha chiŵindi chomeranso, analakwadi, pakuti anafuna kugwirira Leto. Komabe m'chilango chake mulibe khomo la kulapa. Milungu imeneyi sifuna kuti wochimwa atembenuke. Imangofuna kuti oonerera anjenjemere. Kuyerekeza zimenezi ndi chiweruzo cha Mulungu amene anakhululukira chigaŵenga pa mtanda ndi kusokoneza ana athu.

Nyumba ya ku Binche inatenthedwa ndi asilikali a ku France mu 1554. Zithunzi zinapita ku Spain, ndipo lero Sisyphus ndi Tityus ali m'nyumba ya Prado ku Madrid, kumene alendo amaima pamaso pao n'kumayamikira mitundu ya utoto.