Kodi ndende ya angongole inatsekedwadi?

Kuno ku Chitala, Januwale akafika nkhokwe zitapepuka, alimi ambiri amagogoda pakhomo la wakatapila. Mvula ikadula msanga thonje n'kukanika, ngongole ija imaswana. Chondidetsa nkhawa n'chakuti okongoza ena sapita kubwalo la milandu. Amathamangira kupolisi kukanena kuti munthu wawabera mwachinyengo. Mlimi amagona m'chitolokosi, abale amagulitsa mbuzi, ndalama zikaperekedwa mlandu n'kuzimiririka. Awerengi okondedwa, gawo 19 la malamulo aakulu a dziko lino, a 1994, limaletsa kutsekera munthu chifukwa cholephera kukwaniritsa pangano monga la ngongole.

Khalidweli n'lakale. M'fanizo la pa Mateyu 18, kapolo amene anakhululukidwa ngongole yaikulu anaponya mnzake m'ndende chifukwa cha kangongole kochepa. Ku London mu 1824, John Dickens anatsekeredwa m'ndende ya angongole ya Marshalsea, ndipo mwana wake Charles, amene anadzakhala mlembi wotchuka, anali kugwira ntchito m'fakitale ya polishi wa nsapato ali ndi zaka 12. England anadzathetsa mbali yaikulu ya mchitidwewu mu 1869, atazindikira chinthu chimene mwana aliyense angaone: womangidwa salima, choncho sangabweze.

Koma amene amandiphunzitsa kwambiri ndi John Howard. Atapatsidwa udindo woyang'anira za chilungamo ku Bedfordshire mu 1773, anachita chimene anzake ankanyansidwa nacho, analowa yekha m'ndende. Anapezamo anthu amene khoti linawapeza osalakwa, koma osatulutsidwa, chifukwa analibe ndalama yolipira woyang'anira ndende. Woyang'anirayo analibe malipiro a boma, ankadyera pa akaidi. Howard anaikira umboni ku nyumba ya malamulo, ndipo mu 1774 ndalama yotulukirayo inathetsedwa kwa opezeka osalakwa.

Ife tilibe ndende yolembedwa kuti ya angongole, zoona. Komatu anthu awiri akalakwa mofanana n'kulamulidwa chindapusa chofanana, wina amapisa m'thumba n'kukagona kwawo, mnzake amakwera galimoto ya ku Maula. Belo nayo imasankha chimodzimodzi. Chawasiyanitsa si kukula kwa mlandu ayi.

Ndipo kumene akupitako n'kothinana. Mu 2009, pa mlandu wa mkaidi Gable Masangano, khoti linagamula kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu, pamodzi ndi kusowa kwa mpweya wabwino, ndi nkhanza yosayenera munthu, ndipo linapatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse kuthithikanako ndi theka. Zaka zapitapo zambiri, akaidi akuposabe malo amene alipo.

Njira ina ilipo kale m'malamulo. Wolakwa pang'ono angathe kulamulidwa kugwira ntchito yothandiza anthu, monga kulambula pachipatala kapena pasukulu, akugona kwawo ndi kupalira munda wake. Woweruza asanatchule chindapusa, ayambe wafunsa woimirira m'bokosiyo kuti chaka chino wakolola matumba angati.